Dasash ndi Mtsuko wa Kumsana

Kwathu, kumapiri a kumpoto kwa Gondar, munthu aliyense amene anadyapo injera, mkate wathu wopyapyala wowawasa, Pasaka atangotha anadya ya m'manja mwa mayi Enguday, afune asafune. Lamulo lathu ife Ayuda silipindika. Pasaka akayandikira, chofufumitsa chonse chimatayidwa, miphika yakale imakaswedwa kuseri kwa mudzi, ndipo masiku onse a chikondwerero timakukuta kita, mkate wosafufumitsa uja wouma ngati chikopa. Erisho, madzi owawasa amene amadzutsa phala la injera, la ufa wa tefu, kambewu konga mawere, satsala ngakhale dontho. Kukapempha kwa anansi athu Akhristu n'kosatheka, pakuti zophika zawo sitidya. Ndiye Pasaka akatha, mayi aliyense amavundula phala mumtsuko watsopano n'kumadikira kuti lidzuke lokha. Ndi kuzizira kwa kuno, phala limagona ngati lamwa mowa, ndipo ena linkangowawolera.

La Enguday lokha ndilo linkadzuka msanga. Ankadzitsekera m'nyumba, kumadzi osapita, moni osayankha. Potsegula chitseko ankapeza amayi ali mbwee pakhomo ndi zikho, aliyense kudzagawiridwa erisho. Amayi ake ankatero, agogo akenso ankatero.

Dasash anali mwana wake wamkazi yekhayo, wamfupi, woumba miphika, wosachuluka mawu. Anakwatiwa ali mtsikana, koma mwana sanabwere, mpaka mwamuna anamubweza kwawo. Mbereko yachikopa imene amayi ake anamusungira inangokhala pakhoma n'kumachita fumbi. Anzake onse ankaitanidwa make uje, make uje. Iye anayamba imvi akadali Dasash basi, ndipo zinkamupweteka ngakhale sankanena.

Enguday anamwalira m'nyengo ya mvula, sadaka yake n'kuikidwa kuti idzachitike Pasaka akatha. Tsiku loswa miphika, Wubalem, mkazi wa mchimwene wake wa Dasash, anaphwanya mphika wake, n'kupukuta manja, n'kulankhula mokweza dala.

"Chaka chino tiona! Mudzi wonse phala ligone, la munthu mmodzi lokha lidzuke? Apongozi anga aja ankabisa kachikho penapake, inu simukuona chitseko chotseka chija?"

Ha, pakamwa pa Wubalem! Wakufa sayankha, ndiye mawuwo anayenda mudzi wonse opanda wowatchinga. Kubisa chofufumitsa pa Pasaka si nkhani yoseka. A Kesi, wansembe wathu, ananena mwachisoni kuti ngati zili choncho, pakhomo pamenepo pasatengedwenso erisho, ndipo iwo sangakadalitse chakudya cha pasadakapo. Sadaka yopanda odya ndiye kuti munthu wakwiriridwa kawiri.

Dasash analira, inde. Atatha kulira anapita kwa mlamu wakeyo, a Kesi ali pomwepo.

"Mlamu, mtsuko muumbe ndinu. Ufa mupere ndinu, madzi mutunge ndinu. Ine ndizigona m'nyumba mwanu, muzindilondera mmene mungafunire."

"Make mbuu, mwana mbuu," anatero Wubalem. "Ndikulonderanidi, musadere nkhawa."

Pasaka atatha, Wubalem anavundula phala ndi dzanja lake, amayi ena akuona. Dasash sanathiremo kanthu. Anangomanga tsamba pakamwa pa kamtsukoko, n'kutenga mbereko ija, n'kuikuntha fumbi. Kenako anawerama, anaika mtsuko kumsana, n'kumanga pachifuwa monga amachitira mayi aliyense. Anafunda nsalu pamwamba, uyo, ulendo wa kumadzi.

Chinsinsi cha Enguday chinali chomwecho. Phala limafuna kutentha kwa thupi la munthu, kosapsereza ngati moto, kosatha ngati dzuwa. Ankatseka chitseko chifukwa cha manyazi chabe, pakuti nkhalamba yobereka mtsuko ndani angaione osaseka?

Ndipo anasekadi, abale inu! Amuna oluka nsalu anasiya ulusi. Wosula zitsulo anatuluka ndi nyundo m'manja.

"Dasash, wachira liti? Osatiuza bwanji?"

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Wafanana ndi bambo ake, mimba yokhayokha!"

Kwa mkazi wina akanakhala macheza. Kwa Dasash liwu lililonse linkalasa pabala lakale. Koma sanatembenuke, anangoti, "Akalira mumva."

Anatunga madzi mtsukowo uli kumsana, anapera nawo, anakanda nawo dothi. Pogona ankaukumbatira pamimba. Msana unatupa pamene mtsuko unkakhula. Wubalem ankamutsatira paliponse ngati mwana wa mbuzi, mpaka iye mwini anayamba kutopa. M'nyumba zina zonse phala linali zii.

Mmawa wina anthu akutuluka m'nyumba ya mapemphero, Dasash anaima chilili pakati pa bwalo. Kumsana kwake kunali kuyenda kanthu, timaphuphu ting'onoting'ono, ngati mwana akutakataka m'tulo. Sanamvepo zotero chibadwire. Misozi inatsika asanamasule n'komwe.

"Mlamu, tandilandirani."

Wubalem anatsitsa mtsuko umene anaumba yekha, n'kuchotsa tsamba. Fungo lowawasa linawomba anthu kumaso. Phala linali litakwera mpaka m'khosi mwa mtsuko, thovu lili phuphuphu, madzi achikasu atayandama pamwamba. A Kesi anawerama, ananunkhiza, n'kudzuka akumwetulira.

"Enguday sanabise kanthu. Sadaka yake ndidzadalitsa ndine, ndipo injera yoyamba ndidzadya ndine."

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Amayi anathamangira zikho, ena mpaka kugwa m'njira. Wosula uja, amene ananena za mimba yokhayokha uja, ndiye anali patsogolo ndi chikho cha mkazi wake, wopanda ndi manyazi omwe. Wubalem anatsala ataima, maso pansi, manja lende.

"Mlamu, chikho chanu chili kuti?" anafunsa Dasash. "Ana anu atopa ndi kita. Muyambe ndinu."

Pasadaka ya Enguday anthu anadya mpaka kumasula malamba, ndipo Wubalem ndi amene anachita utsi m'maso pachiwaya tsiku lonse, wosadandaula. Chaka chotsatira anatumiza mwana wake wamkazi kuti akaphunzire kamangidwe ka mberekoyo.

Dasash anabereka mtsuko Pasaka aliyense mpaka msana unapindika, ndipo chitseko sanatsekepo. Koma chimene ankakonda kukamba atakalamba ndi cha tsiku la sadaka lija. Akuti ali kugawa injera, mayi wina anamuitana kuchokera kuseri kwa khamu, osati moseka ayi, mwaulemu wake wonse.

"Make Erisho! Tawonjezerani kuno."

Dasash anatembenuka, n'kuvomera.