Mayi Fainess, Osamala Makoswe a ku Koleji

Mayi Fainess Chunga, amene tinawaika m'manda mwezi watha, anabadwira ku Dwambazi m'banja la msodzi. Kuyambira ali mtsikana ankasesa m'tchalitchi popanda wowatuma. Anakwatiwa, koma banja linatha chifukwa mwana sanapezeke.

Atapita ku tauni anapeza ntchito pa koleji ina, m'nyumba yosungira makoswe oyera a kafukufuku. M'mawa uliwonse ankatenga kadontho ka madzi a m'njira ya chiberekero cha khoswe wamkazi n'kukaunika pa maikulosikopu, kuti aone ngati wafika masiku otenga bere. Ankadulanso chiberekero tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kutipaka utoto kuti madokotala aone mmene khoma lake limakhuthalira ndi kuphwera. Ankakonda kunena kuti, "Ngakhale m'mimba mwa khoswe, Mulungu anayalamo mwaluso."

Atapuma pa ntchito anadzakhala kuno ku Ngala. Tsiku lina Keti, mtsikana wa m'kwaya amene ankasowa mwana m'banja, anawadandaulira. Iwo anamuphunzitsa kuwerenga masiku, namufotokozera zimene ankaona pa makoswe aja. Keti anakaulula kwa apongozi ake.

"Munthu wouma n'kumatumbula ziberekero? Ankapita nazo kuti?" anatero apongoziwo pa mjigo.

Basi, mawu amenewo anakwana. M'tchalitchi, amayi oyembekezera anasamuka pa benchi la Mayi Fainess. Amene ankaimba mokweza za chikondi ndi omwewo ankabisa makanda m'zitenje mayiwa akamadutsa. Chimene Mayi Fainess ankalakalaka chinali kunyamula mwana pa ubatizo, ndipo palibe anawapatsa, ngakhale Keti atabereka. Zimandiwawa kulemba zimenezi. Komabe mayiwa ankasoka timalaya ta ubatizo n'kumatisiya pakhomo la tchalitchi mosadziwika, poopa kuti anthu akadziwa wosoka atikana.

Atadwala ankawasamala a Habiba, Msilamu woyandikana nawo nyumba. Lachisanu lina a Habiba anabwera ndi mdzukulu wawo wa miyezi iwiri n'kumugoneka pachifuwa pa wodwalayo.

"Tamugwirani achemwali, ine manja atopa."

"Simukuopa?" anafunsa Mayi Fainess.

"Ndiope chiyani?"

Mayi Fainess anamufungatira mpaka mwanayo anagona. Mayiwa anamwalira mwamtendere Lamulungu m'mawa, belu likulira.

Atisiyira chitsanzo cha munthu wotumikira anthu onyansidwa naye, osabwezera ndi liwu limodzi lomwe. Pa maliro awo mpingo unadzaza bwalo, ndipo nyimbo zinaimbidwa mokoma zedi. Koma amayi onse a makanda anabwera misana ili yokha, ana atawasiya kunyumba.