Apongozi anawerenga zimene ndinkalemba pa foni

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, masabata oyamba ndinasangalala. Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 6 kufupi ndi ku Bembeke, ndipo ndinkati ndapumako ku fumbi la choko. Koma pofika mu Juni, nkhungu itayamba kuphimba mapiri, china chake chinandilowa. Kudzuka kunkandivuta. Chakudya sichinkandikomera. Mkazi wanga akandifunsa ndinkangoti ndi kuziziraku.

Pakamwa ndinali duu, koma chala chinkalankhula. Tsiku lililonse ndinkalemba kanthu pa masamba a mchezo: "Ndatopa, chonsecho sindinagwire ntchito." Anzanga ankayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera. Mphunzitsi mnzanga wina analemba kuti, "Limba, ndiwe mwamuna."

Mkazi wanga sankaziona, kafoni kake kanali ka mabatani. Ndinaiwala kuti mayi ake anali ndi foni yaikulu imene mlamu wanga anawatumizira kuchokera ku Joni, ndipo nambala yanga inalimo.

Lachiwiri lina m'mawa ndinamva odi. Anali apongozi angawo, atayenda ola lathunthu kudutsa phiri, kansalu kukamwa, dengu la mbatata ya kachewere pamutu. Anakhala pamwala kumapeto kwa bwalo, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ndinatenga mpando kuti ndiwapatse.

"Khalani pomwepo, bambo," anatero. "Zokhala motalikiranazi boma langoziyamba kumene. Ine ndi inu tinayamba kalekale."

Ndinaseka, koyamba pa masabata ambiri.

"Zija mukulemba pa foni ndaziona. Ndimawerenga pang'onopang'ono, koma ndimafika kumapeto. Chakutopetsani n'chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi. N'chifukwa chake ndikuchita manyazi."

Anavula kansalu kaja, n'kukavalanso. "Apongozi anu aamuna atamwalira, ndinatha miyezi itatu ndikuphika ndiwo zopanda mchere osazindikira. Ena ankati andilodza. Namwino wina ndi amene anandiuza kuti maganizo nawonso amadwala, ngati mwendo. Mwendo ukatupa mumauuza kuti ulimbe?"

Kenako anaitana mwana wawo amene anali kukhitchini, n'kundiuza kuti ndinene zonse iye akumva. Ndinanena, mokakamira poyamba. Mkazi wanga anagwetsa misozi pang'ono, n'kuipukuta ndi chitenje.

"Ndiye foni ikudziwa zambiri kuposa ine?" anandifunsa. "Imakuphikirani ndi foniyo?"

Lachisanu tinapita kuchipatala panjinga, iye atakhala kumbuyo. Ndinalankhula ndi dokotala wachifatse, ndipo ndinabwererakonso kangapo. Sindinachire tsiku limodzi. Panali m'mawa wina umene bulangeti linkandigonjetsabe.

Koma apongozi anali atandilemba kale ntchito. Anati dimba lawo la kabichi likusowa wothirira, ndizifika dzuwa lisanatenthe. Ndikachedwa ankatumiza uthenga wa mawu, akufuula ngati foniyo ndi yogontha: "Bambo, kabichi akufunsa za inu!"

Tsiku lina ndinalemba mosabisa pa foni kuti ndakhala ndikudwala maganizo, ndikulandira thandizo, ndipo kuthirira dimba la apongozi kukundithandiza. Manja opemphera anachepa. M'malo mwake anthu atatu anandilembera kumbali. Mmodzi anali mnzanga uja wondiuza kuti ndilimbe.

"Achimwene," analemba, "inenso sindikugona bwino. Mumathirira nthawi yanji?"

Mawa lake anabwera panjinga. Tinali aphunzitsi awiri, ndowa m'manja, matope mpaka m'mawondo, tikulamulidwa ndi mayi amene analekezera Sitandade 3. Tinkacheza mofuula, aliyense pamzere wake. Chaka chimenecho kabichi anakula mpaka wogula wa galimoto anachita kubwera yekha kudimba.

Sukulu zitatsegulidwa ndinapita kukawauza apongozi kuti ndizibwera Loweruka lokha. Anandiyang'ana m'maso, zimene sanachitepo chikwatirire mwana wawo.

"Mwanenepa, ndakondwa," anatero. "Koma zikadzayambanso musadzabise. Ndipo ngati n'kotheka, zidzayambe nthawi yowokera anyezi."