Dzira Lotsiriza

Lero minibasi yatentha injini pa Benga, ndipo fungo la madzi adzimbiri owira landibwezera kwathu ku Chia.

Nthawi imeneyo ndinali mwana, nditangochira malungo. Bambo ondipeza anali atamanga rediyeta ina, chija chosunga madzi oziziritsa injini, pagalimoto yawo yakalekale yonyamulira mpunga. Anaichotsa pagalimoto yakufa, ndiye nayonso inkadontha. Mayi ankadutsa ndi dzira lotsiriza kuti akandikazingire.

"Bweretsa kuno," anatero bambowo.

"Pepani, n'lamwanayu. Sanadye masiku atatu."

"Mwanayo ali ndi bambo wake. Galimotoyi ili ndi ine ndekha."

Analiswera mu rediyeta kuti likapsa litseke bowo. Injini italira kanthawi, kudontha kunalekadi. Anaseka, n'kundiponyera chigoba cha dziralo.

"Nyambita."

Mayi anayang'ana kumbali. Ine ndinatola, ndinanyambita.