A Tcheyamani Ndi Munthu Mmodzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa taipi. Nditamaliza Fomu Faifi ku Petauke ndinkataipa makalata a kutchalitchi, ndipo abusa athu ndiwo ananditumiza kwa a Mwanza, manijala wa depoti ya thonje ku Nyimba. A Mwanza ankafuna kukaphunzira zamalonda kunja, koma ankayenera kuyamba akhoza mayeso ku Lusaka. Gawo lowongola ziganizo za Chingerezi ndilo linkawasowetsa mtendere.

Buku la mafunso linali limodzi, lobwereka. Tsiku lililonse ndinkataipa mafunso makumi awiri, ndi kaboni pansi kuti nditsale ndi kope. Funso linkakhala chiganizo chokhala ndi mzere kunsi kwa mawu okayikitsa, kenako mayankho asanu. Ndinkaika wotchi patebulo, iwo n'kuyankha, ine n'kuchonga ndi bolopeni yofiira.

Posakhalitsa ndinaona pamene ankapunthwa. Chiganizo chikanena za lole kapena thumba, ankakhoza. Chikangotchula tcheyamani kapena nduna, ankasankha have m'malo mwa has. Kwathu wamkulu sitimunena ngati mmodzi, timati abwera, ndipo masiku a chipani chimodzi aja tcheyamani sunkamutchula mwachibwana. A Mwanza ankalowa nawo ulemu umenewo m'Chingerezi.

Ndivomere, ndinachita mantha. Mtsikana wadzulodzulo ngati ine kukhwatcha bambo amene alimi ankawavulira chipewa? Ndinkangochonga zolakwazo ngati zolondola. Masabata atatu iwo akumwetulira, ine ndikuwanamiza.

Kutatsala masiku awiri kuti akwere basi ya ku Lusaka, anandiuza kuti akalephera, a kuntchito sadzawapatsanso mwayi wina. M'mawa mwake ndinatenga mapepala onse akale, n'kuwakhwatcha moona, n'kuwayala patebulo pawo.

"Bambo, ninakunamizani. Izi zonse n'zolakwa."

"Iwe! Mailo unachonga, lelo wakhwatcha? Wadya chani?"

"A tcheyamani ni munthu mmodzi, bambo. Chizungu chilibe ulemu."

"Ndiye a tcheyamani na mbuzi ni chimodzimodzi?"

"Pa mayeso, ee."

Anandilozera khomo. Ndinakakhala kuseri kwa mabelo a thonje, ndikudziwa kuti ntchito yatha, ndikuganiza zomwe ndikawauze abusa. Chomwe chinkandiwawa kwambiri sichinali kuthamangitsidwako, koma masabata atatu amene ndinawabera munthu wondikhulupirira.

Dzuwa litapendeka anandiitana. Maso anali pa mapepala, osati pa ine.

"Taipa zina makumi atatu. Zonse zikhale za anduna."

Ndinataipa mpaka zala kuuma. Zitatu zoyamba analakwanso, ndipo ndinakhwatcha. Atafika pa funso lachinayi anaima, n'kung'ung'udza kuti, "Nduna ni mbuzi, nduna ni mbuzi," n'kusankha has. Sanapunthwenso mpaka kumapeto.

Kuchokera pamenepo ndakhala mphunzitsi wa Chingerezi moyo wanga wonse, ndipo sindinachongenso cholakwa chifukwa choopa nkhope ya munthu. Ulemu wobisa cholakwa umamupweteka mwini wake pa tsiku la mayeso, iwe uli kunyumba.

Cholakwa chimodzi chokha ndinachilekerera. Zotsatira zitabwera kuti akhoza, a Mwanza anaitana antchito onse kudzatsanzikana nawo. Ine nditalowa, bambo aja anaimirira pamaso pa onse.

"The teacher have come."

Ndinatsegula pakamwa, iwo n'kukweza dzanja.

"Iyi musakhwatche, amai. Nachitila dala."