Mafomu a Masitazi ku Vidiyo ya Achimwene

Nditamaliza digiri yanga ya uphunzitsi ndinabwerera kwathu ku Limbuli ndi chikwama cha zovala ndi laputopu yakale imene sinkayaka popanda kuilumikiza ku magetsi. Ndinkayesa kuti ndikhala miyezi iwiri kapena itatu basi. Mayina a olembedwa ntchito anatuluka kawiri, langa osaoneka. Chaka chinatha ndili pakhomo, ndikupalira nandolo ndi amayi, anthu akundiitana kuti aphunzitsi pamene ndinalibe ngakhale choko.

Mphunzitsi wanga wina wa ku yunivesite ndiye ananditumizira uthenga kuti ndiyese kufunsira malo a masitazi kunja, kusukulu zimene zimalipirira zokha ophunzira. Anati magiredi anga ndi abwino, ndisawasiye angofumbwa m'sutikesi. Vuto linali lakuti kunyumba kwathu kunalibe magetsi, ndipo netiweki inkagwira pokhapokha ukaima pachulu kuseri kwa bafa. Choncho ofesi yanga inakhala ku vidiyo ya achimwene.

Achimwene anga, oyamba kubadwa kwa amayi, anasiya sukulu ali Fomu 2 bambo athu atamwalira. Anayamba ndi kuthyola tiyi ku esiteti kumene bambo ankagwira, kenako kabaza, mpaka anamanga shedi ya malata pafupi ndi msika n'kuikamo mabenchi, TV yaikulu ndi masipika awiri ofika m'chiuno. Masana ankaonetsa mafilimu a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa, Loweruka ndi Lamlungu mpira wa ku Ulaya. Ukwati wawo unali utatha kale, ndiye ankakhala m'kanyumba kawo pafupi ndi amayi. Sukulu yanga yonse kuyambira sekondale inachokera m'shedi imeneyo, ngakhale iwo sankafuna kuti zizinenedwa.

M'mawa kanema asanayambe, shediyo inkakhala yanga. Ndinkasesa makoko a mtedza ndi a nzimbe, kukokera benchi imodzi pafupi ndi soketi, n'kuyamba kudzaza mafomu. Sukulu iliyonse inkafuna zofananafanana, masatifiketi, makalata a aphunzitsi ondichitira umboni, ndi nkhani yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira maphunzirowo. Nkhani imeneyi ndiyo inkandidyera masiku. Ndinkalemba ndime, kufufuta, kulembanso, achimwene ali pambali akupukuta masipika ndi kansalu.

"Iwe chemwali, kodi sukulu yakoyi ili ndi mathero? Ine ndinkayesa gauni ija inali yomaliza."

"Iyi ndi ina, achimwene. Yapamwamba."

"Pamwamba pa pamwamba. Chabwino, lemba. Koma ikakwana leveni undichokere, anthu anga akufuna aone zibakera."

Pakafunika kujambulitsa mapepala kapena kudinditsa, ankanditenga pa njinga yawo yamoto mpaka ku Chitakale ndi ku boma. Ndikukumbukira tsiku lina la chiperoni, phiri lonse litabisala, kamvula kowaza kakutilasa kumaso. Anatenga masatifiketi anga, kuwakulunga m'jumbo n'kuwalowetsa mkati mwa jekete, pachifuwa. Tikudutsa m'minda ya tiyi anachepetsa liwiro n'kuloza ndi mutu chigawo china chotsetsereka. "Bambo ankathyola apo," anatero, n'kuwonjezeranso moto. Titafika ku Chitakale iwo anali atanyoweratu, mapepala ali ouma. Podikira kuti magetsi ayake pashopu yojambulitsira, anagula chinanazi n'kundisendera ndi mpeni wa wogulitsayo.

Mayankho anayamba kubwera patapita miyezi. Onse ankayamba ndi ulemu wambiri, kuthokoza kuti ndinawaganizira, kenako n'kunena kuti opempha anachuluka. Ndinkawerenga mpaka pamenepo n'kutseka laputopu. Achimwene sankafunsa. Ankangondiyang'ana kumaso, n'kuika sewero la anthu oseketsa a konkuno, ngakhale nthawi ya kanema inali isanakwane. Ankaseka okha mokweza, akundiyang'ana cham'mbali kuti aone ngati nanenso ndayamba.

Chaka chimenecho chinali cha chisankho. Munthu wina amene ankafuna uphungu, amene tonse tinkangomutchula kuti ashado, anayamba kubwereka masipika a achimwene pamisonkhano yake. Posakhalitsa anaona kuti achimwene ali ndi pakamwa, ndiye anawapatsanso maiki kuti azisangalatsa anthu akuluakulu asanafike. Ankabwerako mawu atasasa, atanyamula matisheti ndi nsalu za chipani. Amayi ankavala nsaluzo popita kumunda, osasamala kuti pali nkhope ya ndani. Ine zinkandinyansa. Ku yunivesite ndinali m'gulu la okonda kutsutsana za ndale pansi pa mitengo, ndipo tinkanena motsimikiza kuti anthu akumudzi amagulidwa ndi nsalu. Sindinkaganiza kuti anthu akumudziwo ndi amayi anga ndi achimwene anga, mpaka nditaziona pakhomo, ndipo nditaziona ndinachita manyazi m'malo momvetsa.

Yankho lachitatu londikana linabwera Lachinayi m'mawa. Nditangotseka laputopu, achimwene anakhala pabenchi yoyang'anizana nane, waya wa masipika uli m'manja.

"Ndawauza ashado za iwe," anatero. "Loweruka kuli msonkhano waukulu ku Nkando, kukubwera akuluakulu a chipani. Akuti upite nane. Ukangoima kutsogolo, uwalandire m'Chingerezi, anthu aone kuti kwathu kuno kuli ana ophunzira. Akapambana, ntchito sungaisowe."

Mtima wanga unali utawawa kale ndi kalata ija. Ndinayankha ndisanaganize.

"Ine sindinapite ku yunivesite kuti ndizikavinira anthu pa lole. Zimenezo n'za inu osaphunzira."

Sanakwiye, bola akanakwiya. Anangoti, "Zoona. Ife ndife osaphunzira," n'kuyamba kukulunga waya uja pamkono pang'onopang'ono, mpaka unatha. Kenako anatuluka kukalemba pabolodi filimu ya tsikulo.

Lachisanu sindinapite kushedi. Ndinauza amayi kuti mutu ukundipweteka. Loweruka m'mawa ndili pamjigo ndinaona lole ikudutsa pamsewu, itadzaza anthu ovala zofanana, akuimba. Masipika anali atawamangirira kumbuyo kwa kabini, achimwene atakhala pamwamba pake. Anakweza dzanja. Mpaka lero sindidziwa ngati ankakwezera ine kapena anthu onse amene tinali pamjigopo. Ine manja anga onse anali pachitsulo chopopera, ndipo sindinachisiye.

Uthenga unatipeza cha m'ma folo masana, tikupuntha nandolo pabwalo. Mayi wina woyandikana nafe anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Pobwerera ku Nkando tayala la lole linaphulika pamalo otsetsereka, lole n'kugubuduzika. Ena anafera pomwepo. Achimwene anagwera pansi, sipika imodzi n'kuwagwera pamsana.

Kuchipatala tinawapeza ali maso, akutidziwa, koma miyendo sankaimva. Amayi anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kuwalankhula m'Chilomwe, chimene sankatilankhula ife ana awo chikhalireni. Ine ndinkangotolapo mawu amodziamodzi. Achimwene ankayankha ndi mutu. Ashado anabwera kamodzi ndi shuga ndi sopo ndi anthu owajambula. Chisankho sanapambane, ndipo sitinawaonenso.

Patatha miyezi iwiri achimwene anawatulutsa m'chipatala. Madokotala anatiuza mosabisa kuti sadzayendanso. Amalume athu ankabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa ndi kuwatembenuza, amayi akuphika ndi kuchapa, ine n'kutenga shedi. Masipika onse anali ataphwanyika, ndiye tinkadalira kamawu ka TV yokha, moti anthu a kumabenchi akumbuyo ankadandaula kuti sakumva. Ndinaphunzira kusankha mafilimu, kulemba pabolodi, kuliza jenereta magetsi akathima, ndi kuletsa ndewu za azibambo timu yawo ikagonja. Ndikaweruka ndinkapita kukawafotokozera achimwene mmene mpira wathera. Ankafunsa kuti wagoletsa ndani, ndani watukwana, benchi yothyoka ija yakonzedwa kapena ayi. Za tsiku la Lachinayi lija sitinkazikhudza.

Panali fomu yachinayi imene ndinatumiza ngozi isanachitike, ndipo ndinali nditaiwalako. Tsiku lina imelo inabwera yakuti akufuna kucheza nane pakanema wa pa intaneti. Ndinachitira m'shedi momwemo, m'mawa. Ndinapachika nsalu yoyera ya amayi ya ku mvano kuti ibise zithunzi za osewera mpira, n'kukapempha mwini chigayo cha pafupi kuti azimitse kwa theka la ola. Anavomera, azimayi odikira kugayitsa n'kukhala pamatumba awo akundidikira. Ondifunsawo anali atatu. Mmodzi atandifunsa chimene ndikuchita pakali pano, ndinanena zoona, kuti ndimaonetsa mafilimu ndi mpira pamsika. Anaseka, koma osati monyoza, n'kundifunsa zambiri za shediyo kuposa za digiri yanga.

Anandipatsa malo, ndi zonse zolipiriridwa. Kalatayo ndinaiwerenga ndili ndekha, ndipo sindinasangalale ngakhale pang'ono. Ndinakhala nayo sabata yathunthu osauza munthu, kenako ndinauza amayi, ndikuwapempha kuti asanene. Amayi sanasunge. Mawa lake nditalowa m'kanyumba ka achimwene ndi phala, anandiyang'ana kuyambira pakhomo.

"Ndamva kuti asukulu aja akuyankha."

"Eya, achimwene. Koma sindipita. Ndiwalembera kuti pakhomo pali matenda."

"Upita."

"Nanga inu? Nanga shedi?"

"Shedi ndi malata. Ine ndili ndi amayi ndi amalume. Ukakhala pano miyendoyi iyamba kuyenda?"

Ndinaika phala pampando. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu.

"Achimwene, mawu aja ndinanena tsiku lija..."

"Tandikwezere piloyu," anandidula. "Khosi likuwawa."

Ndinakweza pilo. Nditafuna kuyambiranso anandifunsa ngati kumene ndikupitako kumagwa chisanu chimene timaona m'mafilimu, n'kunena kuti ndikatenge jekete yawo chifukwa iwo alibe nayo ntchito. Ndinayesanso kawiri masiku otsatira, ndipo kawiri konse anapeza china chonena. Mwina anali atandikhululukira kale moti sankaona chifukwa chobwerezera. Mwina mawuwo ankawapwetekabe moti sankafuna kuwamvanso. Ndakhala ndikusinthasintha maganizo pa zimenezi kwa zaka, ndipo palibe wondiuza.

Ndinanyamuka m'mwezi wa Ogasiti. Amalume ananyamula achimwene n'kuwakhazika pampando pakhonde kuti andione ndikupita. Anali ataonda kwambiri, mapewa atatuluka m'malaya. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja. Anati, "Ukalembe bwino," ngati mmene ankanenera ndikamapita kukalemba mayeso a Fomu 4.

Miyezi yoyamba tinkalankhulana Lamlungu lililonse pafoni ya amalume. Ankafuna kudziwa zimene ndikudya, ndiponso ngati ndalowako m'bwalo la mpira lenileni. Ndinawalonjeza kuti ndipita ndikawajambulire. Ndinkazengereza chifukwa cha ntchito za m'kalasi, ndikuganiza kuti nthawi ilipo. M'mwezi wachinayi zilonda za kumsana, zobwera chifukwa chogona malo amodzi, zinakula n'kulowa m'magazi. Anawatengera kuchipatala Lolemba, Lachitatu m'mawa anamwalira.

Zoti ndibwere kumudzi sizinatheke. Tsiku la maliro amalume anandiimbira ali kumanda, n'kukweza foni m'mwamba kuti ndimve. Nyimbo inkafika moduladula. Ndinamva mawu a abusa, kenako makasu, kenako kulira kwa amayi kumene ndinakuzindikira pakati pa anthu onse, foni n'kuduka. Ndinaimbanso kangapo koma sinalowe.

Kumene ndinaliko inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo thuu koloko ndinali ndi kalasi. Sindinadziwe china chochita, ndiye ndinasamba kumaso n'kupita. Ndinakhala pampando wanga wa masiku onse pafupi ndi zenera. Mphunzitsi analankhula maola awiri, ine ndikulemba zonse zimene ankanena, masamba anayi odzaza. Mnzanga wina wa ku Ghana amene tinkakhala moyandikana anandifunsa potuluka ngati ndikudwala. Ndinati ayi, achimwene anga aikidwa lero. Anaima nane pakhomo la kalasi, anthu akutidutsa mbali zonse, kenako ananditengera chikwama n'kundiperekeza mpaka kuchipinda kwanga.