Amake Fanesi anakana kuliridwa ali moyo

Amene anayamba kutiuza kuti amake Fanesi abwerako kuchipatala anali atsibweni anga, atatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, thukuta lili kamukamu. "Abwera, koma bere limodzi alisiya konko ku Lilongwe. Akuti inali khansa." Nthawi imeneyo ndinali kamtsikana ka kupulayimale, tikukhala kufupi ndi Santhe, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la fodya wofota m'chigafa, lija loyabwa kukhosi losakanikirana ndi fumbi, ndimaona nkhope yawo.

Mayiwa anali oyandikana nafe nyumba, matenanti olima fodya ochokera ku Phalombe. Atabwerako, anthu anawazunza ndi chikondi. Amayi akutchalitchi ankafika masana alionse, n'kukhala pamphasa atazolika, akuimba chapansipansi nyimbo zija timaimba pamaliro. Amake Fanesi akati agwire tsache, wina walanda. Akati akatunge madzi, "Ayi mayi, gonani." Mkono wa mbali ya opaleshoni unatupa n'kuuma, wosafika ndi paphewa pomwe, eni ake n'kumangowonda, chakudya osachifuna.

Tsiku lina nyimbo ili pakati, amake Fanesi anadzuka n'kukhala tsonga.

"Kodi azimayi inu, malirowa ndi a yani? Ngati ndi anga, bwanji simunandiuze kuti ndisambe?"

Nyimbo inadukira pomwepo. Mayi anga ndiwo anayankha: "Pepani anzanga, ife timati tikukusungani."

"Kundisunga ngati mbatata m'nkhuti? Adokotala anati mkonowu ndiziukweza tsiku ndi tsiku. Inu mukundikwirira ndili maso. Ndiperekezeni kuchigafa!"

Inali nyengo yosoka fodya. Mayi anga anauza bambo a Fanesi kuti amange mikangala ina m'munsi, yolekeza m'chiuno, kuti akazi awo azipachikapo okha fodya amene asoka. Poyamba misozi inkachita kutsika ndi ululu, koma mayiwa sankalola munthu kuwalandira. Akazolowera, mkangala unkakwezedwa pang'ono. Azimayi aja anasiya za mphasa, n'kuyamba kubwera ndi singano zawo, wina atanyamula mazira, wina nkhwani wotendera, ndipo anagawana zowaperekeza kukaonedwa kuchipatala kuti asadumphitse ngakhale kamodzi. Nyimbo nazo zinasintha, zinakhala zija zoomba m'manja.

Fodya asanathe kuuma, ndinaona ndi maso angawa amake Fanesi atanyanyamphira, mkono uli tambasu pamwamba pa mutu, akupachika pamkangala umene amapachikapo amuna awo. Nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Amuna awowo anangogwira m'chiuno nati, "Taonani, maliro anu aja andilanda ntchito!"

Mulungu ndi wabwino, abale. Amake Fanesi alipo, imvi zili mbuu, zidzukulu zikuwakwera pamsana, ndipo kuchipatala amapitabe kukaonedwa. Ine tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndikapita kukazonda munthu amene wapulumuka matendawa, sindikhala chozolika. Ndimapemphera naye, kenako ndimamufunsa kuti, "Lero tigwire ntchito yanji, ine ndi inu?"

Mkono uja umatupabe nthawi yotentha, ndipo ulendo wa ku Lilongwe ukuwatalikira pamene akukalamba. Inu amene mwawerenga, mukagwada muzilikumbukira banja limeneli.