Felesiya wa a Gondwe

Ndikukumbukira kuti tsiku lomwe wailesi inkawerenga mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale, ine ndinali m'phiri la Mulanje kutola nkhuni. Ndinachita kuthawirako dala, mtima sukanandilola kukhala pafupi ndi wailesi. Kameneka kanali kachitatu kulemba mayeso a Sitandade 8, ndipo amalume anali atagamula kale. Ndikalepheranso, ndinkayenera kupita ku Kasungu kukalera ana a anamwino ena a ku Chiringa, amene ankasamuka tsiku lomwelo.

Panali chinthu chimene kunyumba sankachidziwa. Masiku amenewo kunkamveka kuti obwereza sasankhidwa, ndiye a hedimasitala athu, bambo a kumpoto, anatilembetsa obwereza tonse ndi mayina atsopano. Ine Felesiya Namakhwa ndinasanduka Felesiya Gondwe. "Musauze munthu, ngakhale amayi anu," anatero. "Zikangomveka, mayeso anu afafanizidwa." Ine ndi mantha anga ndinasoka pakamwa chaka chonse.

Nditatsika m'phiri masana, mtolo uli pamutu, khosi likuwawa, ndinaona zovala zanga zitamangidwa m'chitenje pakhonde. Amalume anali ataima ndi njinga yawo. Amayi anakhala pamphasa, maso ali psuu.

"Ndamvera kwa aneba, Phalombe yense mpaka kumapeto," anatero amayi. "Namakhwa mulibe, mwanawe."

"Tula nkhunizo usambe mapazi," anawonjezera amalume. "Lole sidikira munthu."

Ndinkafuna kufunsa ngati anamva dzina la Gondwe, koma ndinkaopa. Kusukulu kunali kotseka, a hedimasitala anapita kwawo kutchuthi, wofunsa kunalibe. Ndikanaulula, mwina ndikanadziphera ndekha mayeso amene ndakhoza. Kukhala chete nako kunali kukwera lole osadziwa chimene ndasiya. Ndinakwera pa kaliyala, amalume akukankha njinga, amayi akutiperekeza pambali.

Amayi anga akakhumudwa sankalira, ankalongolola. Anayamba ndi boma, kenako aphunzitsi, kenako anafika pa anthu obwera.

"Malo onse atenga ana a obwera! Ife kwathu konkuno tizingowalimira nandolo. Kuli ndi mnzako wa dzina, ati Felesiya Gondwe, wapita ku sekondale yogonera komweko. Amenewo ndi odziwana ndi akuluakulu basi. Gondwe kuno ku Phalombe munamuonapo inu?"

Sindidziwa kuti ndinatsika bwanji. Ndinangozindikira ndili pansi, bondo likutuluka magazi.

"Amayi, tabwerezani dzinalo."

"Ndati Felesiya Gondwe. Ukumudziwa?"

"Ameneyo ndine."

"Iwe, dzuwa la m'phiri lakuzunguza mutu eti?" anakalipa amalume.

Ndinafotokoza zonse, chibwibwi chitandigwira, maso ali kunjira kuopa odutsa. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula chitenje chija pa njinga, n'kupalasa okha kupita ku Chiringa kukapepesa kwa anamwino.

Amayi sanaseke. Tinabwerera, iwo patsogolo, ine ndikutsimphina pambuyo. Titayandikira pakhomo anacheuka.

"Ndiye kuti kwa aneba kuja ndimanyoza mwana wanga yemwe?"



"Bambo ako anamwalira akulakalaka kumva dzina lawo pa wailesi," anatero motsitsa mawu. "Lero wailesi yatchula dzina la eni."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa bondo. Koma titangolowa m'nyumba amayi anatseka chitseko, natseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kuyimba nthungululu. Inatuluka yosamveka bwino, ngati ya munthu wachimfine, misozi ikutsikira m'chitenjemo. Kunja aneba ankatipepesabe, ndipo madzulo amayi anatuluka kukalandira mapepeso awo nkhope ili pansi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti wovutika ndi chinsinsi chija ndinali ine. Lero ndili ndi ana anga, ndipo akakhoza mayeso ndimafuula mpaka mudzi wonse umve. M'pamene ndazindikira kuti wolipira weniweni anali mayi wamasiye uja, amene mwana wake anapambana koma iye sanathe kuima pabwalo n'kunena kuti, "Ameneyo ndi wanga."